Chikwama cha Ola Limene Miyendo Yaima

Chaka ndi chaka m'mwezi wa Malichi, anthu zikwizikwi amasonkhana m'tauni ya Rena ku Norway, aliyense atamanga ma ski kumapazi, kudzachita mpikisano wa Birkebeinerrennet. Mtunda wake ndi makilomita 54, kukwera ndi kutsika mapiri okutidwa ndi chipale chofewa mpaka kukafika ku Lillehammer. Pali lamulo limodzi limene limadabwitsa mlendo: aliyense ayenera kubereka chikwama cholemera makilogalamu osachepera 3.5 kuchokera poyambira mpaka pothera. M'mipikisano ina wothamanga amataya chilichonse chimene chingamulemetse. Kuno wobwera chimanjamanja samuwerengera.

Gwero la lamuloli ndi nkhani ya m'chaka cha 1206, nthawi imene dziko la Norway linali pa nkhondo yapachiweniweni. Amuna awiri, Torstein Skevla ndi Skjervald Skrukka, anathawitsa kamwana kotchedwa Håkon Håkonsson, mwana wa mfumu imene inali itamwalira, n'kudutsa nako m'mapiri pa ma ski m'kati mwa nyengo yozizira kuti adani asakaphe. Kamwanako kanakula n'kulowa ufumu mu 1217, ndipo kanalamulira mpaka 1263. Mpikisano wokumbukira ulendowu unayamba mu 1932, ndipo chikwama chija chimaimira mwanayo. Koma okonza mpikisano safuna kuti munthu angolongamo miyala. Amafuna muikidwe zovala zotchinga mphepo ndi zina zofunda, chifukwa pamwamba pa mapiri amenewa nyengo siichedwa kutembenuka. Mu 2007 komanso mu 2014 mphepo inakula kwambiri moti mpikisano unalephereka.

Ngati akatswiri othamanga m'njira yokonzedwa bwino, yokhala ndi malo omwera madzi ndi anthu owayang'anira, amawakakamiza kunyamula katundu, nanga bwanji banja limene langotuluka Lamlungu m'mawa kukayenda kuphiri kopanda wina aliyense?

Kwa amene sanaonepo, ma ski oyendera mtunda ndi timatabwa tiwiri tatitalitali komanso tating'ono m'lifupi. Nsapato imamangidwa kuzala kokha, chidendene chimakhala chomasuka, choncho munthu amatha kuyenda pachidikha, kukwera chitunda ndi kutsetsereka, akudzikankha ndi ndodo ziwiri. Zimasiyana ndi masewera aja a pa kanema amene anthu amakwezedwa ndi makina pamwamba pa phiri n'kungotsetsereka. Apa injini ndi munthu mwiniwake. Ku Norway ana amaphunzira akangoyamba kuyenda, ndipo anthu a mumzinda wa Oslo amakwera sitima ya m'tauni atanyamula ma ski, n'kukatsikira m'mphepete mwa nkhalango ya Nordmarka. Lamulo la mu 1957 limapereka ufulu kwa aliyense woyenda m'tchire ndi m'mapiri ngakhale malowo ali ndi mwini wake. Bungwe la oyenda m'mapiri la DNT, limene linakhazikitsidwa mu 1868, lili ndi tinyumba topitirira 500 togonamo apaulendo. Amalawi amene amapita kukaphunzira kumeneko, monga ku yunivesite ya zaulimi ya ku Ås imene yakhala ikugwira ntchito limodzi ndi Bunda kwa zaka zambiri, sachedwa kuitanidwa ndi anzawo ku ulendo wotere.

Chinthu choyamba chimene woyamba kumene amazindikira n'chakuti pa ma ski sipazizira. Ntchitoyi imagwiritsa miyendo, mikono ndi msana nthawi imodzi, ndipo thukuta limatuluka ngakhale kunja kuli madigiri 10 pansi pa ziro. Apa m'pamene pali msampha. Munthu akamayenda, thupi limadzitenthetsa lokha, ndipo amaganiza kuti jekete limene lili m'chikwama angolinyamula pachabe. Koma ski ikathyoka, bondo likabinya, mnzake akatopa, kapena mphepo ikatseka njira, moto wa m'thupi uja umazilala pa mphindi zochepa, n'kumusiya ali chiimire m'zovala zonyowa. Chikwama cha tsiku limodzi sichilongedzedwa chifukwa cha ulendo umene munthu waukonza. Chimalongedzedwa chifukwa cha ola limene miyendo yaima mosayembekezeka, ndipo chinthu chilichonse cholowamo chiyenera kuyankha funso limodzi: kodi chindithandiza chiyani ndikakhala pansi pachipale kwa maola asanu, kapena usiku wonse?

Manambala ake ndi osavuta kumva. Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37. Likatsika pansi pa 35, vuto layamba. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, n'chifukwa chake malaya onyowa ndi mdani. Mphepo nayo imawonjezera: kunja kukakhala madigiri 10 pansi pa ziro, mphepo n'kumathamanga mamita 10 pa sekondi, khungu limamva ngati ndi madigiri 20 pansi pa ziro. Poyamba munthu amanjenjemera. Kenako zala zimauma, zipi ya jekete imakanika kutseka, mawu amatuluka ngati a woledzera. Choopsa kwambiri n'chakuti nzeru nazo zimazizira. Wozizidwa kwambiri amasiya kudera nkhawa, amafuna kungokhala pansi, ndipo ena apezekapo atavula zovala chifukwa chomva kutentha kwabodza. Motero zosankha zikuluzikulu ziyenera kupangidwa kunyumba, mutu uli bwinobwino, pamene chikwama chili chotsegula patebulo.

Anthu a ku Norway anaphunzira zimenezi ndi maliro. Nyengo ya Pasaka ndi imene mabanja ambiri amakhamukira kumapiri, chifukwa dzuwa limakhala litabwerera koma chipale chikadalipo. Ngozi za pa Pasaka wa 1950 zinachititsa kuti mu 1952 alembe malamulo oyendera m'mapiri. Kenako kunabwera Pasaka wa 1967, pamene anthu 18 anafa, ambiri chifukwa cha namondwe ndi kuzizira. Bungwe la DNT ndi la Red Cross anakonzanso malamulowo n'kuwafalitsa m'dziko lonse, ndipo mu 2016 anawalembanso kuti agwirizane ndi masiku ano. Alipo 9. Mwa iwo muli lonena kuti munthu akonzekere nyengo yoipa ndi kuzizira ngakhale ulendo uli waufupi, ndi lina lonena kuti anyamule zida zoti adzithandizire yekha komanso kuthandiza ena. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kuimvetsa. Fosholo imene ili m'chikwama chako mwina sidzafukula iwe m'chipale, idzafukula munthu amene sunamuonepo.

Zovala zimayambira pakhungu, ndipo apa a ku Norway sanyengerera: ubweya wa nkhosa basi. Thonje, limene n'labwino kwambiri kumalo otentha, kuno n'loopsa, chifukwa limamwa thukuta n'kulisunga, kenako n'kuzizira pathupi. Ubweya umafundabe ngakhale utanyowa pang'ono. Pamwamba pa malaya a ubweya pamabwera juzi yopyapyala, ndiyeno jekete ndi thalauza zotchinga mphepo. Odziwa bwino amanyamuka akumva kachisanu pang'ono, podziwa kuti pakatha mphindi 10 thupi litentha. Wonyamuka atafunda kale amakhala atanyowa asanafike pa chitunda choyamba.

Zimene zili m'chikwama ndi zovala za nthawi yopuma. Choyamba ndi jekete lochindikala, kaya la nthenga za mbalame kapena juzi yaikulu ya ubweya, lovala pamwamba pa zonse munthu akangoima, asanayambe kuzizidwa. La nthenga ndi lopepuka komanso lofunda kwambiri, koma likanyowa limasanduka chiguduli, choncho limaikidwa m'thumba losalowa madzi. Pamakhalanso malaya ena a m'kati ouma. Kuvula mpaka kukhala chifuwa pamtunda pakati pa chipale kumaoneka ngati misala, koma anthu ozolowera amachita zimenezi msangamsanga pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo mphindi imodzi ya kuzizira imeneyo imawagulira maola ofunda. Masokosi apadera, chipewa china, ndi kansalu kophimba khosi ndi kumaso zimatenga malo ochepa.

Magolovesi ndi nkhani payokha. Aja okhala ndi zala zosiyana ndi abwino poyenda, koma kukazizira kwenikweni pamafunika aja oika zala zonse m'thumba limodzi, a ubweya m'kati, kunja kwake chikopa kapena nsalu yotchinga mphepo, chifukwa zala zikakhala pamodzi zimafunditsana. Golovesi imodzi youluzika ndi mphepo ikhoza kuwonongetsa dzanja lonse, n'chifukwa chake ambiri amaamangirira kumkono ndi kachingwe ndipo amasunga ena m'chikwama. Popanda manja ogwira ntchito, china chilichonse chimene chanyamulidwa chimakhala chopanda phindu: fulasiki satsegulika, foni siyimbika, fosholo sigwirika. Khungu likayamba kuuma ndi chisanu limayera n'kuchita dzanzi, makamaka pamphuno, m'masaya ndi m'makutu, ndipo mwiniwake sazindikira. Apaulendo amayang'anana kumaso pafupipafupi. Mankhwala ake ndi kutentha kwa khungu la munthu: dzanja lofunda patsaya, zala m'khwapa, phazi pamimba pa mnzako. Kutikita ndi chipale, monga ankachitira akale, kumangowonjezera bala.

Pa chakudya, mwambo wa ku Norway ndi wosavuta. Amadula buledi, n'kuikapo tchizi chawo cha bulauni chotsekemera kapena nyama, n'kukulunga m'pepala. Pambali pake pamakhala lalanje ndi chokoleti cha Kvikk Lunsj, chimene kampani ya Freia inayamba kupanga mu 1937 ndipo chinasanduka chizindikiro cha maulendo a m'mapiri. Chofunika si mtundu wa chakudya koma kuti chikhale chodyeka chitazizira, chosafuna kuphika, komanso chochuluka kuposa chimene ulendowo ukufuna. Kunjenjemera kumadya mphamvu zambiri, ndipo thupi lanjala limagonja msanga ku chisanu. Mtedza, zipatso zouma ndi chokoleti china ziyenera kukhala pansi pa chikwama osakhudzidwa, zodikira tsiku loipa.

Ludzu limabisala kukazizira. Mpweya wozizira ndi wouma, ndipo nthunzi imene imatuluka m'kamwa popuma ndi madzi amene akuchoka m'thupi. Fulasiki ya tiyi, koko kapena madzi otentha a zipatso imathetsa ludzu komanso kubweza mtima. Botolo wamba limaundana kuyambira pamwamba, motero ena amaliika chozondoka m'kati mwa zovala zapadera kuti pakamwa pake pasatsekeke. Kudya chipale kumaziziritsa thupi m'kati. Mowa ndi woipirapo, chifukwa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kukuthawa.

Tsopano tifike pa katundu amene ambiri amafuna kumusiya pakhomo chifukwa cholemera, amenenso amasiyanitsa usiku wowawa ndi imfa. Pamwamba pa mapiri a ku Norway palibe mitengo. Chidikha cha Hardangervidda, chimene sitima ya pakati pa Oslo ndi Bergen imadutsa m'mphepete mwake pa siteshoni ya Finse, mamita 1,222 pamwamba pa nyanja, ndi chipululu choyera chopanda pobisala. Roald Amundsen, amene anadzakhala woyamba kufika ku South Pole mu 1911, anatsala pang'ono kufera pamenepa mu Januwale 1896 ali ndi mkulu wake Leon. Anasochera, chakudya chinawatayika, ndipo monga anadzafotokozera yekha, usiku wina anadzikwirira m'chipale chimene chinaundana n'kumutsekera moti sakanatha kusuntha. Mkulu wakeyo ndi amene anamufukula.

Zida zobisalira ndi zitatu. Choyamba ndi thumba lalikulu la nsalu yopyapyala yosalowa mphepo, limene a ku Norway amalitcha vindsekk, lokwana anthu awiri kapena atatu. Amalivundikira pamutu onse pamodzi, n'kukhala pansi atapinda m'mphepete mwake, ndipo pakangopita kanthawi mpweya wawo umatenthetsa m'katimo. Kutuluka mumphepo kokhako kumasintha zinthu kwambiri: manja amayambanso kugwira, anthu amamvana polankhula, mapu amatambasulika. Chachiwiri ndi kamphasa ka thovu kokhalira, chifukwa chipale chimayamwa kutentha kwa aliyense wochikhalira mwachindunji. Chachitatu ndi fosholo yachitsulo yopindika. Ya pulasitiki imathyoka pa chipale cholimba.

Chipale chomwecho chimene chimapha ndi chimenenso chimafunditsa, chifukwa m'kati mwake muli mpweya wambiri. M'phanga lokumbidwa bwino kutentha kumakhala pafupi ndi ziro ngakhale kunja kuli madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo mulibe mphepo. Wokumba amafunafuna pamene mphepo yaunjika chipale chakuya, kuseri kwa mwala kapena m'mbali mwa kachitunda kakang'ono, n'kuboola cham'mbali mpata wongokwana kukhala, ndipo khomo amatseka ndi zibuma za chipale kapena ma ski ndi thumba lija. Amaboola kabowo kopumira kudenga ndi ndodo ya ski, n'kumakatokosa usiku wonse kuti kasatsekeke. Ndodo ina amaizika panja kuti ofufuza aione. Ntchito imeneyi imatenga nthawi ndi mphamvu, phanga lenileni limadya maola angapo, choncho iyenera kuyambika anthu akadali ndi nyonga komanso kukadali kowala. Ambiri amachedwa chifukwa choganiza kuti kanyumba kali pafupi, angolimbikira pang'ono.

Zimene zinachitika m'mapiri a Anaris, m'chigawo cha Jämtland ku Sweden, mu Febuluwale 1978 zimakumbukiridwabe ndi ophunzitsa za m'mapiri. Anthu 9 oyenda pa ma ski anakumana ndi namondwe woopsa ali pakati pa tinyumba tiwiri. Anayesa kukumba pobisala m'kachigwa, koma malowo sanawateteze mokwanira, ndipo wailesi yoitanira thandizo imene anali nayo sinawathandize. Anthu 8 anafa, mmodzi yekha ndi amene anapulumuka. Chowawa n'chakuti sanali anthu opanda zida. Anali nazo, koma mphepo ndi kuuma kwa manja zinawafooketsa mofulumira moti zina sizinagwire ntchito imene anazinyamulira. Kuchokera pa ngozi ngati imeneyi, ophunzitsa amalimbikira kuti munthu ayeserere kulowa m'thumba la mphepo ndi kukumba dzenje tsiku labwino, pafupi ndi nyumba, atavala magolovesi akuluakulu, kuti manja adziwe okha chochita pamene mutu wasokonezeka. Chida chimene chikutulutsidwa koyamba m'pepala lake pakati pa namondwe sichisiyana kwenikweni ndi chimene chinatsala kusitolo.

Kusochera pachipale kuli ndi mtundu wake. Mitambo ikatsika n'kukumana ndi nthaka yoyera, kumwamba ndi pansi zimafanana, mithunzi imasowa, ndipo munthu sadziwa ngati akukwera kapena akutsika. Ena amagwa ali chiimire chifukwa cha chizungulire. Mapazi a ulendo wopita amafufutika ndi mphepo pa mphindi zochepa. Cha ku Pasaka, a DNT amazika nthambi za mitengo m'chipale motsatizana kuti zisonyeze njira za pakati pa tinyumba, ndipo pa tsiku lotere nthambi yotsatira ndi chinthu chokhacho chimene diso limaona. Mapu a pepala oikidwa m'pulasitiki ndi kampasi sizifuna batire, koma zimathandiza yekhayo amene wakhala akutsatira pamene ali kuyambira m'mawa. Magalasi otchinga mphepo amafunika kuti maso atseguke. Kukawala namonso muli vuto lina: chipale chatsopano chimabweza pafupifupi magawo 80 pa 100 a cheza choopsa cha dzuwa, chimene chimawotcha maso mpaka munthu kumva ngati mwalowa mchenga. Magalasi adzuwa ndi mafuta oteteza khungu ndi zofunika ngakhale kuli chisanu.

Tochi ya pamphumi isasowe. M'mwezi wa Disembala ku Oslo kumawala maola pafupifupi 6 okha, ndipo ku Tromsø dzuwa silituluka n'komwe kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Kuchedwa kwa ola limodzi n'kokwanira kusandutsa ulendo wa masana kukhala wa usiku.

Foni ndi yothandiza kwambiri, koma ndi yosalimba. Batire likazizira limatha mwadzidzidzi, choncho malo ake ndi m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi, osati m'chikwama, limodzi ndi kabatire kapadera kotchajira. Nambala ya apolisi, amene amatsogolera ntchito yofufuza osowa, ndi 112, ndipo ya ambulansi ndi 113. Mu Meyi 1999, dokotala wachitsikana wa ku Sweden, Anna Bågenholm, akutsetsereka pa ma ski pafupi ndi Narvik, anagwera mumtsinje woundana n'kukodwa pansi pa ayezi mutu uli m'kati. Anzake awiri anagwira ma ski ake kuti asakokoloke, n'kuimba foni. Anakhala m'madzimo mphindi pafupifupi 80. Atafika naye kuchipatala cha ku Tromsø thupi lake linali pa madigiri 13.7, mtima utaima, koma madokotala anatenthetsa magazi ake ndi makina mpaka mtima unayambiranso, ndipo patapita nthawi anabwerera ku ntchito ya udokotala. Nkhaniyi imatchuka chifukwa cha luso la achipatala, komabe iwo sakanamuona akanakhala kuti anali yekha, kapena foni ya anzakewo inali itazima. Ndipo m'zigwa zambiri netiweki kulibe, pamene helikopita siuluka namondwe akakula. Odzipereka a Red Cross amabwera ndithu, koma amafunika nthawi, ndipo nthawi imeneyo ndi imene chikwama chiyenera kugula.

Oyenda pafupi ndi mapiri otsetsereka ali ndi mdani wina, chipale chogumuka, chimene tingachiyerekeze ndi napolo: phiri limangomasuka n'kutsika ndi zonse zimene zili m'njira yake. Kawirikawiri chimayambira pa malo otsetsereka kupitirira madigiri 30, koma chimakafika mpaka pachidikha pansi pake, pamene woyenda amadziona ngati ali pabwino. Pa 5 Malichi 1986 chinapha asilikali 16 a Norway m'chigwa cha Vassdalen ali pa maphunziro a zankhondo. Kuyambira mu 2013 boma limalengeza tsiku ndi tsiku kukula kwa chiopsezochi kudzera pa webusayiti ya Varsom, pa muyeso wa 1 mpaka 5. Wokwiriridwa amakhala ndi mwayi waukulu akafukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira, kenako mwayiwo umatsika kwambiri chifukwa mpweya umatha. Palibe gulu lopulumutsa anthu limene lingafike msanga chotero, ndiye opulumutsa ndi anzake omwewo. N'chifukwa chake olowa m'malo otere amavala pathupi kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro, ndipo amanyamula ndodo yaitali yolumikiza yobayira m'chipale, pamodzi ndi fosholo ija. Zitatuzi zimayendera limodzi. Kwa woyenda wamba, nzeru yabwino ndi kusankha njira yotalikirana ndi zitunda zoterozo.

Tinthu ting'onoting'ono timatsala. Pansi pa ski amapakapo phula lothandiza kuti igwire pokwera, ndipo kampani ya Swix, imene inayamba mu 1946, inazoloweretsa anthu kusiyanitsa ndi mitundu: lobiriwira kukazizira kwambiri, labuluu kukazizira pang'ono, lofiira chipale chikayamba kunyowa. Phula lolakwika limachititsa munthu kuterereka chobwerera pa sitepe iliyonse mpaka kutheratu mphamvu, motero timabotolo tiwiri kapena titatu timayenda nawo. Tepi yolimba, kawaya, kampeni kokhala ndi sikuludiraiva ndi zomangira zingapo zimatha kulumikiza ndodo yothyoka kapena chomangira nsapato chimene chazuka, ndipo popanda ski munthu amatitimira mpaka m'chiuno. Pulasitala wa matuza, bandeji, mankhwala opha ululu, machesi ouma, kandulo kakang'ono ndi wenzulo zimakwana m'kathumba kamodzi.

Zonsezi zimalowa m'chikwama cha malita 30 kapena kupitirirapo pang'ono, chokhala ndi lamba wa m'chiuno kuti chisamagwedezeke mikono ikamakankha. Zolemera, monga fulasiki, zimakhala pafupi ndi msana. Zimene zidzafunike mphepo ikuwomba zimakhala pamwamba penipeni: jekete lofunda, magolovesi akuluakulu, magalasi, thumba la mphepo. Munthu wofufuza golovesi pansi pa chikwama amakhuthulira zonse pachipale, ndipo mphepo imasankhapo zake. Aliyense abereke zovala zake ndi chakudya chake, ngakhale ana okulirapo, chifukwa anthu amatha kusiyana m'chifunga, ndipo jekete limene lili kumsana kwa bambo silifunditsa mwana amene ali mbali ina ya chigwa.

Owerenga a ku Malawi asaone ngati nkhani ya kufa ndi chisanu ndi ya kutali kokha. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili mamita 3,002 pamwamba pa nyanja, ndipo chiperoni chikafika kumakhala chifunga, mvula yowaza ndi mphepo yozizira. Mu 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil amene anakwera yekha cha kunsongako atavala zopepuka, anasochera nyengo itasintha ndipo anapezeka atamwalira ndi kuzizira. Thupi lonyowa pamphepo limataya kutentha mofanana, kaya pali chipale kapena palibe.

Chinthu chomaliza sichilowa m'chikwama, chimatsala kunyumba. Lamulo loyamba pa malamulo 9 aja limanena za kukonza ulendo ndi kuuza wina kumene ukupita. Uthengawo uyenera kukhala womveka: njira yake, anthu angati, galimoto yaimikidwa pati, ndi ola limene wotsala kunyumbayo ayambe kuimbira apolisi ngati sanamve kanthu. M'tinyumba ta DNT muli mabuku amene apaulendo amalembamo dzina ndi kumene alowera, ndipo ofufuza amawatsegula pofuna kudziwa koyambira. Asananyamuke, ambiri amaonanso za nyengo pa webusayiti ya Yr, ndipo amagwirizana ola lobwerera, kaya afika kumene amafuna kapena ayi. Malamulo omwewo amanena poyera kuti kubwerera panjira si chinthu chochititsa manyazi, ndipo anachita kulemba zimenezi chifukwa manyazi apha anthu ambiri amene anali ndi mpata wotembenuka.

Njira ikasintha, uthenga wina uyenera kutumizidwa pomwe netiweki yapezeka, apo ayi ofufuza adzathera usiku m'chigwa cholakwika. Pofika kunyumba, wotsala uja auzidwe kuti onse abwera. Kenako thumba la mphepo liyanikidwe, jekete la nthenga litulutsidwe m'thumba lake kuti lipume, mabatire atchajidwe, ndipo chokoleti cha pansi pa chikwama, ngati ana anachipeza m'galimoto pobwerera, chigulidwe china Lamlungu lotsatira lisanafike.